PHUNZIRO 12: MWANA WOKANA CHAKUDYA, PAKHOMO NDI PAULENDO

Mwana akakana chakudya, nyumba yonse imasowa mtendere. Mayi amada nkhawa, bambo amakalipa, ndipo anansi amayamba kunena kuti mwanayo adasasatitsidwa. M'phunziro lino tiwerenga za mwana wa chaka chimodzi kufikira zaka zitatu amene amasankha zakudya. Tiona chifukwa chake amatero. Tionanso zimene tingachite pakhomo, ndi zimene tingachite tikamadya naye kumsika, kuukwati kapena kwa abale.

Mphunzitsi ayambe wawerenga nkhaniyi mokweza. Kenaka ophunzira awerenge mmodzimmodzi, aliyense ndime yake.

1. TSIKU LA MSIKA

M'mudzi wina wa m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete, muli banja la alimi. Amalima chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere. Ali ndi ana atatu. Wotsiriza ndi wamkazi, wa chaka chimodzi ndi miyezi 8. Akadali kuyamwa.

Tsiku lina bambo ndi mayi adapita ku Ulongue kukagulitsa matumba awiri a mbatata. Adanyamuka mbandakucha. Mwana adangoyamwa pang'ono, nabelekedwa kumbuyo asanadye phala. Malonda adachedwa, ndipo mbatata idatha dzuwa litapendeka kale.

Bambo adati: "Amake mwana, lero tagulitsa bwino. Tiyeni tikadye nsima ya pamsika tisanabwerere."

Adalowa m'nyumba yodyeramo, naitanitsa nsima, nyemba ndi nyama ya mbuzi. Mayi adatema kambamu, nakaviika mu msuzi, nakafikitsa pakamwa pa mwana. Mwana adatseka pakamwa. Mayi adayesanso. Mwana adatembenuza mutu, nakankha dzanja la amake, ndipo nsima idagwa pansi. Kenaka adayamba kulira mokuwa ndi kudziponya chagada.

Anthu onse adacheuka. Bambo adachita manyazi. Adatuluka msanga, nabwera ndi botolo la chakumwa chotsekemera ndi mabisiketi. Mwana adamwa, nakhala chete.

Madzulo atafika kumudzi, mwana adakana nsima, adakananso phala. Agogo ake, amene ndi amai a mayiyo, adati: "Bwera naye kuno, mwana wanga. Ine ndidalera ana asanu ndi awiri, palibe adagona ndi njala." Adamupana ndi miyendo, namugwira manja, nayamba kumuthira phala m'kamwa. Mwana adatsamwa, adatsokomola, nasanza zonse. Kuyambira tsiku limenelo, akangoona sipuni ankathawa.

Sabata yotsatira mayi adapita naye kusikelo ya ana. Namwino adamuyeza, nalemba pa khadi, naonetsa mayiyo mzere wa kulemera kwake.

"Taonani, mayi," adatero namwino. "Mzerewu ukukwera. Mwana wanu sakudwala. Koma mukapitiriza kumukhutitsa zotsekemera masana ndi kumukakamiza phala usiku, mzerewu udzayamba kugona. Khalani pansi tikambirane."

Zimene adakambirana ndi zimene tiphunzire tsopano.

2. CHIFUKWA CHIYANI MWANA AMAKANA CHAKUDYA?

Choyamba, kukula kwake kumachepa liwiro. Mwana amabadwa ndi makilo ngati 3. Pomatha chaka amakhala atafika makilo ngati 9. Ndiye kuti m'chaka chimodzi kulemera kwake kumachuluka katatu. Koma m'chaka chachiwiri amangowonjezera makilo 2 kapena 3. Thupi likamakula pang'onopang'ono, njala nayonso imachepa. Mwana amene ankatsegula pakamwa ngati mwana wa mbalame amayamba kusiya chakudya m'mbale. Izi zimachitika kwa ana ambiri, m'maiko onse.

Chachiwiri, mimba yake ndi yaing'ono. Mwana wa msinkhu umenewu amakhuta ndi chakudya chokwana kapu imodzi, mwinanso chosadzaza kapu. Tikamupakulira mtanda wa nsima wa munthu wamkulu, adzausiya, ndipo ife tidzati sadye. Tikamupatsa tiyi kapena chakumwa chotsekemera nthawi ya chakudya isanakwane, mimba imadzaza ndi madzi. Nsima imasowa malo.

Chachitatu, amaopa zachilendo. Mwana akayamba kuyenda yekha amayambanso kukayikira chakudya chimene sachidziwa. Amachiyang'ana, amachinunkhiza, amachilawa ndi kuchilavula. Mantha amenewa amakula pa zaka ziwiri, ndipo amapita nachepa mwana akamasinkhuka. Masamba owawa pang'ono, monga mpiru ndi chisoso, ndiwo amakanidwa kwambiri, chifukwa lilime la mwana limakonda zotsekemera chibadwire.

Chachinayi, akuphunzira kuti iye ndi munthu payekha. Pa msinkhu umenewu mau amene amawakonda ndi akuti "ayi" ndi "ndekha". Amafuna kugwira sipuni yekha. Amafuna kutema nsima yekha. Tikamuletsa, amatseka pakamwa.

Chachisanu, kutopa ndi tulo. Mwana wa m'nkhani yathu adakhala kumbuyo kuyambira mbandakucha, padzuwa ndi paphokoso, osadya phala. Njala ikapyola muyeso ndipo tulo tikabwera, mwana sadya, amangolira.

Zonsezi si mwano. Si ufiti. Ndi msinkhu.

3. WOSANKHA KAPENA WODWALA?

Pali kukana chakudya kwina kumene ndi chizindikiro cha matenda. Tiyenera kusiyanitsa.

Mwana wongosankha zakudya amasewera, amaseka, amathamanga. Lero adya pang'ono, mawa adya zambiri. Kusikelo, mzere wa pa khadi lake umakwera.

Mwana wodwala amafooka ndipo sasewera. Malungo, chibayo, kutsegula m'mimba, zilonda za m'kamwa, njoka za m'mimba ndi kuchepa kwa magazi, zonsezi zimachotsa chilakolako cha chakudya. Kumera mano nakonso kumachepetsa kudya kwa masiku owerengeka.

Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ngati:
akukana kuyamwa ndi kumwa chilichonse;
akusanza zonse zimene wadya;
thupi latentha, kapena akupuma mofulumira;
akukomoka, kapena wafooka kosatha kudzuka;
mapazi onse awiri atupa;
akutsegula m'mimba ndipo maso alowa m'kati.

Pitaninso ngati akuonda, ngati tsitsi layamba kufiira ndi kupyapyala, ngati m'manja ndi m'zikope mwayera, kapena ngati mzere wa pa khadi wagona kapena watsika.

Maso a kholo amanyengeka, chifukwa amaona mwana tsiku ndi tsiku. Sikelo ndiyo imanena zoona. Kusikelo amayezanso mkono wa mwana ndi kalamba ka mitundu itatu. Kobiriwira ndiye kuti ali bwino. Kachikasu ndi chenjezo. Kofiira ndiye kuti afunika chithandizo msanga. Komweko ana amalandira vitamini A miyezi 6 iliyonse kuyambira pa miyezi 6 ya kubadwa, ndiponso mankhwala a njoka za m'mimba akakwanitsa chaka. Khadi la mwana tilisunge pouma, ndipo tiphunzire kuliwerenga tokha. Ichi ndi chimodzi cha zifukwa zimene tikuphunzirira kuwerenga manambala.

Nkhaniyi si yaing'ono. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la Mozambique adapeza mu 2011 kuti ana 43 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 adali opinimbira, ndiye kuti aafupi koposa msinkhu wao. Kafukufuku wa 2022 ndi 2023 adapeza ana 37 mwa 100. Kupinimbira kumayamba m'masiku 1000 oyamba, kuchokera pamene mayi watenga pakati kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Zimene zatayika nthawi imeneyi n'zovuta kuzibweza. Tsono mwana wosankha zakudya sitimusiya kuti azingodya mabisiketi. Timamuphunzitsa kudya. M'mera mpoyamba.

4. NTCHITO YA KHOLO NDI NTCHITO YA MWANA

Pa chakudya pali ntchito ziwiri. Kholo limasankha chakudya chimene chiphikidwe, nthawi yodyera ndi malo odyera. Mwana amasankha kuchuluka kwa chimene adye. Mavuto amayamba ntchitozi zikasinthana: mwana akamalamula zophika, kapena kholo likamalamula mimba ya mwana.

Nazi zochita pakhomo.

Mupatseni mbale yake. Ana akamadyera m'mbale imodzi, wamng'ono amatsalira, chifukwa amadya mochedwa. Akuluakulu amamaliza ndiwo iye akadali pa mbamu yachiwiri. Ndi mbale yakeyake, mayi amaonanso kuchuluka kwa zimene wadya.

Mudyetseni kawirikawiri. Mwana wa chaka chimodzi kufikira zaka ziwiri adye katatu kapena kanayi pa tsiku. Pakati pake alandire kachakudya kakang'ono kamodzi kapena kawiri, monga nthochi, papaya, mango, peyala kapena mbatata yophika. Apitirize kuyamwa kufikira zaka ziwiri kapena kupyolapo. Pa msinkhu umenewu ayambe wadya, bere libwere pambuyo.

Phala likhale lolimba ndi losakaniza. Phala lamadzimadzi limadzaza mimba koma lilibe mphamvu. Phala labwino ndi limene limakhala pa sipuni osayoyoka. Liphikeni ndi ufa wa mgaiwa. Thiranimo chimodzi kapena ziwiri mwa izi: nsinjiro, ufa wa soya wokazinga, dzira, nyemba zopota, masamba osinja, mafuta ophikira sipuni yaing'ono imodzi, kapena ufa wa nsomba zouma monga kapenta wa ku Cahora Bassa ndi usipa wa ku nyanja ya Niassa. Mwana wodya pang'ono afunika kuti m'pang'ono momwemo mukhale zambiri.

Msuzi wokha si ndiwo. Ambiri timaviika nsima ya mwana mu msuzi, nyama ndi nyemba n'kupita kwa akulu. Mphamvu ili mu nyemba zenizenizo, mu nsomba ndi mu nyama. Ziduleni tizidutswa, ziphwanyeni, chotsani minga, mumupatse. Ena amati dzira si la mwana. Zimenezo si zoona. Dzira lophika bwino ndi chakudya chomanga thupi, ndipo nkhuku tili nazo pakhomo.

Yambani ndi zochepa. Masipuni awiri kapena atatu akwanira poyamba. Akamaliza, onjezerani. Mbale yodzaza imaopsa mwana.

Chakudya chatsopano chibwere ndi mnzake wodziwika. Ikani kankhwani pang'ono pambali pa nsima imene amaikonda. Akakana, chotsani osakalipa. Bwerezani pakapita masiku awiri kapena atatu. Ana ambiri amalandira chakudya chatsopano atachiona ndi kuchilawa maulendo 10, ena mpaka 15. Makolo ambiri timasiya pa ulendo wachitatu, n'kumati mwanayu sadya masamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sinthani kaphikidwe. Wokana bonongwe wofutsa angathe kudya wotendera. Wokana nyemba zamphumphu angathe kudya chipere. Mbatata yofiira m'kati ana amaikonda chifukwa ndi yotsekemera, ndipo ili ndi vitamini A wothandiza maso ndi kuteteza thupi ku matenda. Mu 2011 dziko lathu lidatulutsa mitundu 15 ya mbatata yotereyi yopirira chilala. Funsani alangizi a zaulimi za mbeu yake.

Mulekeni adye yekha. Musambitseni m'manja ndi sopo, ndipo agwire chakudya. Adzadzipaka, adzataya china. Umo ndimo amaphunzirira. Inu khalani pafupi, muzimuthandiza ndi kumulankhula.

Idyani naye. Mwana amatsanzira. Akaona bambo ake, amake ndi akulu ake akudya chisoso mokondwa, tsiku lina adzatambasula dzanja. Kudyetsa mwana si ntchito ya mayi yekha. Bambo, agogo ndi achemwali ake onse angathe kukhala naye pa mphasa.

Chakudya chisapyole theka la ola. Akatseka pakamwa ndi kutembenuza mutu kangapo, wakhuta. Chotsani mbale mwamtendere. Musamupatse zotsekemera m'malo mwake. Adikire nthawi ina ya chakudya, ndipo njala idzamuthandiza.

5. ZIMENE SITIYENERA KUCHITA

Tisamukakamize. Kupana mwana, kumutsina mphuno ndi kumuthira phala n'koopsa. Mwana akamalira, phala lingathe kulowera njira ya mpweya ndi kufika m'mapapo. Angatsamwe, kapena kudwala chibayo. Ngakhale apulumuke, amaphunzira kuti chakudya ndi nkhondo. Agogo a m'nkhani yathu sadachite zimenezi mwa nkhanza. Adalera ana m'zaka za njala, pamene mwana wosiya phala sakadapeza lina. Tiwafotokozere mwaulemu, ndipo tiwapemphe kuti atithandize m'njira ina.

Tisamuopseze. Mau akuti "ukapanda kudya akubaya jakisoni" kapena "kukubwera fisi" amaopsa mwana, ndipo tsiku lopita kuchipatala lidzakhala lovuta.

Tisamunyengerere ndi maswiti. Tikati "idya masamba ndikupatse switi", mwana amamva kuti masamba ndi chilango, switi ndiye chakudya chenicheni.

Tisamupatse tiyi pa chakudya. Tiyi amaletsa thupi kutenga bwino ayironi, mchere wa m'zakudya umene umapanga magazi.

Tisamupatse mowa kapena thobwa losasa kuti agone. Zimenezi zimaononga mwana.

Tisanene pamaso pake kuti "uyu sadya". Mwana amamva, ndipo amasunga dzina limene tamupatsa.

6. KUDYA NAYE KUNJA KWA KHOMO

Sitingasiye mwana pakhomo masiku onse. Timapita naye kumsika, kuchigayo, kuukwati, kumaliro ndi kukacheza kwa abale. Kumeneko kuli anthu achilendo, phokoso ndi zakudya zachilendo, ndipo chakudya chimabwera mochedwa. Mwana amene amadya bwino pakhomo angathe kukana zonse. Ulendo wabwino umakonzedwa tisananyamuke.

Tisananyamuke: mwana adye phala lake, ngakhale kuli m'mawa kwambiri. Timutengere kamba: nthochi, mbatata yophika, dzira lophika losasenda, kapena chigumu chophika pakhomo. Titenge madzi akumwa m'botolo loyera, owiritsa kapena othira mankhwala monga Certeza. Titengenso kambale kake, sipuni yake, kapu yake ndi kasopo. Ziwiya zimene amazidziwa zimamukhazika mtima pansi.

Posankha malo odyera: tiyang'ane ngati chakudya chili chovundikira, ngati pali madzi ndi sopo, ndiponso ngati mbale zimatsukidwa ndi madzi oyera. Tiitanitse chakudya chotentha, chochokera pamoto. Chakudya chophika chimene chakhala poyera maola oposa awiri chimayamba kuswa tizilombo, ngakhale chisanunkhe. Mwana asadye ndiwo zozizira, masamba osaphika kapena zipatso zosendedwa kale ndi wogulitsa. Chipatso tisende tokha. M'nyengo ya mvula, pamene kolera amabuka, tisamale koposa.

Posamba m'manja: kumaphwando anthu ambiri amasamba m'beseni limodzi, ndipo mwana amasamba pomaliza, madzi atada. Tithirirane madzi ndi kapu, ndipo mwana asambe ndi sopo.

Pokhala: tisankhe pambali, kutali ndi khomo, ndi moto, ndi zoimbira. Mwana akhale pamiyendo pa kholo kapena pa mphasa. Asadye akuyenda kapena akuthamanga.

Pakudya: palibe chifukwa chomugulira mbale yakeyake ya ndalama. Timupatulire m'kambale kake kuchokera m'mbale yathu. Ndiwo za malonda nthawi zambiri zimakhala ndi mchere wambiri ndi tsabola, choncho tiyambe talawa. Tifunse wophika ngati pali zopanda tsabola. Tiyambe ndi chimene mwana amachidziwa. Kumsika si malo ophunzitsira chakudya chatsopano. Sukulu ya chakudya ili pakhomo.

Zotsamwitsa: mtedza wamphumphu, chimanga chokazinga, mbuluuli, maswiti olimba, minga ya nsomba, mafupa a nkhuku ndi nthuli zikuluzikulu za nyama zingatseke njira ya mpweya ya mwana wamng'ono. Paphwando pamakhala anthu ambiri ofuna kumupatsa kanthu. Maso athu akhale pa iye.

Akayamba kulira: kholo limodzi limunyamule ndi kutuluka naye panja. Mwina watopa, mwina akufuna bere, mwina wamva kutentha. Akatonthola, abwerere. Akakanabe, asiyidwe. Mwana wathanzi savulala chifukwa chodumpha chakudya chimodzi. Adzadya kamba wake panjira, kapena nsima ya madzulo pakhomo.

Chakumwa chotsekemera si mankhwala a kulira. Botolo limodzi lingakhale ndi shuga wokwana masipuni aang'ono 7 kapena 8. Limadzaza mimba, limaononga mano, ndipo silimanga thupi. Limaphunzitsanso mwana kuti akalira pagulu adzalandira botolo. Ulendo wotsatira adzalira msanga.

Kwa abale ndi kwa apongozi: kukana chakudya cha eni nyumba kumaoneka ngati mwano, ndipo kholo limachita manyazi. Tinene mofatsa kuti: "Pepani, ndi msinkhu wake, ngakhale kwathu amatero. Mupatseni pang'ono pokha." Wina akabwera ndi switi nsima isanafike, tilandire ndi manja awiri, tithokoze, ndi kunena kuti: "Ndimusungira, adya akatha nsima." Munthu aliyense amene adalerapo mwana adzamvetsa.

Mwana akatsegula m'mimba pambuyo pa ulendo, apitirize kuyamwa ndi kudya. Tipite naye kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi kapena kuchipatala kuti akalandire mapaketi a mchere ndi shuga osungunula m'madzi, pamodzi ndi mapilitsi a zinki. Akachira, adye chakudya chimodzi choonjezera tsiku lililonse kwa masabata awiri, kuti abweze thupi.

7. ULENDO WACHIWIRI

Tibwerere ku banja lathu lija.

Mayi atachoka kusikelo adafotokozera amuna ao zonse. Kenaka adapita kwa agogo, nakhala pansi, nati: "Amai, anamwino akuti phala likalowa mwana akulira, limapita kumapapo. Koma akuti likhale la nsinjiro. Nsinjiro zosalala ngati zanu ine sinditha kusinja."

Agogo adakhala chete kanthawi. Kenaka adati: "Tenga mtondo."

Kuyambira pamenepo agogo ndiwo ankakhala ndi mdzukulu wao pa mphasa m'mawa. Iwo mbale yao, iye kambale kake. Masiku atatu oyamba mwana ankangoviika chala ndi kunyambita. Agogo sadanene kanthu, ankangodya phala lao. Tsiku lachinayi mwana adatola sipuni.

Patapita mwezi, bambo ndi mayi adapitanso ku Ulongue ndi nyemba. Mwana adadya phala asananyamuke. Dzuwa litakwera adadya nthochi pansi pa mtengo. Masana adalowa m'nyumba yodyeramo ija, nakhala pangodya. Bambo adathirira mwana madzi m'manja. Mayi adaika m'kambale kansima, nyemba zophwanya ndi kampiru pambali.

Mwana adatema yekha. Adadya timbamu tinayi ndi nyemba zonse. Mpiru adautola, adauyang'ana, naupereka kwa bambo ake. Bambo adaulandira, naudya. Kenaka mwana adakankha mbale.

"Kodi wakhuta ameneyu?" adafunsa bambo. "Ndikamugulire kabotolo?"

"Ayi, abambo ake," adayankha mayi. "Wadya za mimba yake. Ndalamayo tigule mazira."

Mpiru sadaudye tsiku limenelo, ngakhale sabata yotsatira. Mayi adapitiriza kuuika pambali pa nsima. Mwezi utatha adapita kusikelo, ndipo asanafunse namwino adawerenga yekha nambala ya pa khadi. Mzere udali utakwera.

8. MAU OTI TIPHUNZIRE

Tiwerenge mau awa mokweza, tiwagawe m'maphatikizo, kenaka tiwalembe m'makope.

chakudya: cha-ku-dya
phala: pha-la
nsinjiro: nsi-nji-ro
sikelo: si-ke-lo
kamba: ka-mba
kutsamwa: ku-tsa-mwa
kudekha: ku-de-kha
kupinimbira: ku-pi-ni-mbi-ra

9. MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Pa ulendo woyamba, n'chiyani chidachititsa mwana kulira m'nyumba yodyeramo?
2. Bambo adagula botolo chifukwa cha mwana, kapena chifukwa cha anthu amene ankayang'ana? Inu zidakuchitikiranipo?
3. Tchulani zizindikiro zinayi zosonyeza kuti mwana wokana chakudya akudwala.
4. Ntchito ya kholo pa chakudya ndi iti? Nanga ya mwana ndi iti?
5. Mayi adalankhula bwanji ndi agogo kuti asakhumudwe? Inu mukadanena chiyani?
6. M'mudzi mwathu muli zakudya ziti zimene ana amaletsedwa? Zifukwa zake ndi zotani? Tingafunse ndani kuti tidziwe zoona?

10. TILEMBE

Malizani ziganizo izi m'makope mwanu.

Mwana adye m'mbale ________.
Phala labwino ndi ________, osati lamadzimadzi.
Tisananyamuke ulendo, mwana ayambe ________.
Mzere wa pa khadi ukagona, tipite ________.

Tsopano lembani chiganizo chanuchanu chonena za chakudya chimene mwana wanu kapena mdzukulu wanu amakana.

11. MASAMU

1. Mwana adabadwa ndi makilo 3. Atatha chaka adali ndi makilo 9. Adaonjezera makilo angati?
2. Mwana amadya katatu pa tsiku, ndi tizakudya tating'ono kawiri. Amadya kangati pa tsiku? Nanga pa masiku 7?
3. Tiyerekeze kuti botolo la chakumwa ndi meticais 30, ndipo dzira limodzi ndi meticais 10. Ndalama ya botolo limodzi ingagule mazira angati? Nanga ya mabotolo 4?
4. Mayi waika nkhwani m'mbale ya mwana kawiri pa sabata. Padzapita masabata angati kuti akwanitse maulendo 10?

12. NTCHITO YA KUNYUMBA

Sankhani ndiwo imodzi imene mwana wa pakhomo panu amakana. Muikireni pang'ono pambali pa nsima, kawiri kapena katatu pa sabata, osakakamiza. Tsiku lililonse limene mwamuikira, lembani tsikulo m'kope. Akangoyang'ana, lembani "wayang'ana". Akalawa, lembani "walawa". Akadya, lembani "wadya". Amene alibe mwana wamng'ono athandizane ndi mnansi, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pa phunziro lotsatira bwerani ndi kope lanu pamodzi ndi khadi la mwana la kusikelo. Tidzawerengera limodzi manambala ake.